Citi Golf ikukana kukhotera kumanzere: yambani ndi sikelo

Owerenga ena a ku Pretoria atilembera imelo. Akukonza Citi Golf 1.6i yoti azikathamangitsa ku bwalo la mpikisano wa magalimoto la Zwartkops. Chiikireni ma coilover (mashoka okhala ndi masipuling'i ndi mphete yosinthira msinkhu wa galimoto), galimoto ikumakankhira kunja pakona ya kumanzere, pomwe pakona ya kumanja kumbuyo kukumaterereka. Injini ikumadukizanso pakona yayitali, ndipo buleki ikumafewa akazungulira kangapo. Akufunsa ngati agule masipuling'i ena.

Achimwene, musagule kanthu musanayeze. Zizindikiro ziwiri zoyambazo zikuloza kulemera kopingasa, komwe amakaniko amati cross weight.

Bwerekani masikelo anayi, limodzi pa tayala lililonse, pa simenti yosapendekeka. Popani matayala monga mudzathamangire, thirani petulo theka la thanki, masulani mbali imodzi ya anti-roll bar (chitsulo chochepetsa kupendekeka pakona) ngati ilipo, ndipo inuyo mukhale pampando mutavala helimeti. Kuyeza mulibe dalaivala n'kutaya nthawi, chifukwa makilogalamu anu onse ali kumanja. Igwedezeni galimotoyo kuti masipuling'i akhazikike, kenaka werengani.

Tiyerekeze kuti mwapeza izi: kutsogolo kumanzere 270 kg, kutsogolo kumanja 330, kumbuyo kumanzere 190, kumbuyo kumanja 170. Zonse pamodzi ndi 960. Tayala lakutsogolo kumanja ndi lakumbuyo kumanzere anyamula 520, ena awiriwo 440. Galimotoyo ili ngati tebulo la miyendo iwiri yayifupi. Mukakhotera kumanzere, tayala lakutsogolo kumanja, lolemedwa kale, limalandiranso katundu wina n'kusiya kugwira msewu. Cholinga ndi 480 pa matayala awiri aliwonse opingasana, kutanthauza 50 peresenti.

Mukakweza mphete ya coilover pa tayala limodzi, kulemera kumawonjezeka pa tayalalo ndi linzake lopingasana nalo, n'kuchepa pa ena awiriwo. Choncho kwezani kutsogolo kumanzere ndi kumbuyo kumanja, tsitsani enawo, theka la kuzungulira pa nthawi imodzi, mpaka mufike pa 290 kutsogolo kumanzere, 310 kutsogolo kumanja, 170 kumbuyo kumanzere ndi 190 kumbuyo kumanja. Gawirani matayala onse anayi, musakweze limodzi lokha, kuopa kupendeketsa galimoto. Onani kuti kutsogolo kwatsalabe 600, kumbuyo 360. Mphete sizisuntha kulemera kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo. Zimenezo zimatheka posuntha zinthu, monga kutengera batire kubuti, mbali ya kumanzere, m'bokosi lomangidwa ndi mabawuti komanso fyuzi pafupi ndi batirelo. Mukatha, lumikizani anti-roll bar popanda kuikakamiza, ndipo mukachite alignment, chifukwa kusintha msinkhu kumasokoneza camber ndi toe, kapendekedwe ka matayala ndi komwe aloza.

Za kudukiza kwa injini, dzazani thanki n'kuthamanganso. Vuto likatha, ndiye kuti petulo amathawira mbali imodzi pakona, pampu n'kuyamwa mpweya. Mankhwala ake ndi kathanki ka lita imodzi kapena awiri, kotchedwa surge tank, kosungira pampu petulo pakona. Likapitirira, fufuzani waya wa earth ndi mapulagi omasuka. Koma nyali ya oyilo ikangophethira pakona, imani pomwepo. Oyilo nayenso akuthawa, ndipo mabeyaling'i a injini sapirira zimenezo. Pamafunika sump (mosungira oyilo pansi pa injini) yokhala ndi zotchinga mkati.

Buleki yofewa, yopita pansi, ndi mafuta a buleki amene awira. DOT 4 (mtundu wa mafuta a buleki) yatsopano siiwira isanafike madigiri 230, koma ikayamwa chinyezi imatha kuwira pa 155. Chotsani akale onse, thirani a m'botolo losatsegulidwa, ndipo potulutsa mpweya muyambe ndi tayala lakutali ndi master cylinder, pampu ya buleki. Ngati pedulo ili yolimba koma galimoto siikuima, ndi mapadi amene apsa, ndipo mufunika opirira kutentha.

Musanatuluke ulendo uliwonse, mangani mabawuti a matayala pa 110 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira) matayalawo atazizira. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kulemba m'kope manambala a sikelo ndi mpweya wa matayala mukangotsika.