Musakagone pamchenga: yankho kwa amene akupita kuchigwa cha mtsinje

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Inu ndi anzanu atatu mukufuna kukayenda masiku atatu m'chigwa cha mtsinje wamiyala kumene kulibe njira yolambulidwa, muzikagona m'matenti, ndipo mukufunsa ngati makilomita 20 pa tsiku ndi otheka, komanso ngati mchenga wa m'mphepete mwa madzi ndi malo abwino ogona.  Ine ndikuti pitani ndithu, ulendo wotere ndi wokoma, koma zinthu ziwiri mwatchulazo muzisinthe. Anthu akamakonzekera zopita kutchire amaopa njoka ndi zilombo, chonsecho m'chigwa zimene zimavulaza anthu kawirikawiri ndi madzi ndi miyala yoterera. Mtsinjewo ndi umene ukakuuzeni pogona, powolokera ndi nthawi yobwerera.

Tiyambe ndi mchengawo. Umakopadi. Ndi wofewa, ulibe minga, madzi otunga ali pomwepo. Koma dzifunseni kuti unafika bwanji pamenepo. Unabwera ndi madzi, ndiye kuti mtsinje ukadzaza umadutsa pomwe mukufuna kuyala mphasapo, ndipo akuluakulu sananame kuti madzi saiwala khwawa. Chimene chimapusitsa ambiri n'chakuti sipafunika kuti mvula igwe pamene muli inuyo. Ikhoza kugwa kutali kumtunda, kuseri kwa phiri, inu mukuona nyenyezi bwinobwino. Mapiri amiyala samwa madzi, timakwawa tonse timathira mumtsinje umodzi, ndipo chigwa chikakhala chopanikizika madziwo amasowa kofalikira, amangokwera. Pa 12 Ogasiti 1997 anthu 11 anafa ku Antelope Canyon m'chigawo cha Arizona ku America. Pamalopo mvula inangowaza pang'ono, yambiri inagwa kumtunda, makilomita oposa 10 kuchokera pamene anali. Mu Julaye 1999 zoterezi zinachitikanso mumtsinje wa Saxetbach ku Switzerland, anthu 21 anamwalira ngakhale gululo linali ndi olitsogolera.

Ndiye mukafika pamalo poti mugone, musathamangire kumasula chikwama. Yang'anani kaye m'mitengo. Mukaona udzu wouma, timitengo ndi zinyalala zitakodwa m'nthambi, kapena matope atauma pamiyala ndi pamakungwa, pamenepo ndi pamene madzi anafika ulendo watha. Nthawi zina mupeza zinyalalazo zili pamwamba kuposa mutu wanu, madzi ali phee pansi apo. Tenti yanu ikhale pamalo okwera kuposa chizindikiro chimenecho, pamalo pamene pamera mitengo ikuluikulu yakalekale, ndipo ngati malo alola, mamita 60 kapena kuposa kuchokera pamadzi. Musagone pamene kakhwawa kouma kamathira mumtsinje waukulu. Musagonenso patsinde pa thanthwe lalitali pamene mukuona miyala yongogwa kumene ili mbwee, kapena pansi pa mtengo wouma. Kusanade, yendani njira imene mungathawire usiku kukwera mtunda, aliyense aidziwe, ndipo nsapato ndi tochi zigone kumutu.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ndimakakhulupirira kwambiri: zikani ndodo m'mphepete penipeni pamene madzi alekezera, muziiyang'ana madzulo ndi m'mawa. Madzi akaipitirira mwadziwa kuti kumtunda kwachitika zinthu. Madzi oyera akayamba kuda, akayamba kubwera ndi masamba ndi timitengo, kapena mukamva mkokomo ukuchokera kumtunda, musadikire kuti muone ndi maso. Kwerani m'mbali mwa chigwa nthawi yomweyo. Musathawire kumunsi motsata mtsinje chifukwa madziwo simungawapose liwiro. Katundu musiyeni. Pa chifukwa chomwechi, poona zanyengo musanapite muone za dera lonse limene mtsinjewo umachokera, osati pamene mukagone pokha, ndipo kwa anthu oyamba kumene ine ndinganene kuti nyengo ya mvula aileke kaye.

Makilomita 20 aja muwachepetse. Anthu okwera mapiri ali ndi kawerengedwe kamene anayambitsa William Naismith wa ku Scotland mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Komatu zimenezo n'za munthu wamphamvu woyenda pamalo oyendeka. M'chigwa chopanda njira mumadumpha miyala, mumazungulira maiwe, mumawoloka uku n'kubwereranso uko, mumakwawa pansi pa mitengo yakugwa muli ndi katundu kumsana. Kilomita imodzi kapena awiri pa ola mwayenda bwino. Pamapu mtsinje umaoneka waufupi chifukwa timakhotakhota take sitioneka tonse. Komanso m'chigwa chakuya dzuwa limabisika msanga kuseri kwa phiri. Konzani makilomita 6 mpaka 8 pa tsiku, munyamuke m'mamawa, ndipo mugwirizane musanayambe kuti ikakwana nthawi yakuti mumanga matenti kaya mwafika kaya simunafike. Liwiro la gulu ndi la amene akuyenda pang'onopang'ono kuposa onse. Ndipo mukafika pamathithi kapena paphompho, musatsikire pamalo pamene simungathe kukweranso. Anthu ambiri amatsekeredwa choncho, kutsogolo kuli mathithi ena, kumbuyo kosakwereka.

Nkhani ya kuwoloka ndiitalikitsa pang'ono chifukwa ndi pamene anthu amphamvu, odziwa kusambira, amadzinyenga. Madzi othamanga akuya masentimita 15 okha atha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo liwiro la madzi likawirikiza kawiri mphamvu yake yokankha imawirikiza kanayi. Ponyani kamtengo m'madzi muziyenda nako m'mphepete. Ngati kakukusiyani, ndiponso madziwo akupitirira m'mawondo, pamenepo si powolokera. Pamene mtsinje wachepa pamaoneka pafupi koma m'pamene pali pakuya ndi pothamanga. Funani pamene watambasuka, kapena pamene wagawikana timitsinje tingapo. Pokhota, mbali yakunja imakhala yokumbika. Muyang'anenso kumunsi kwa powolokerapo: mukagwa, madzi akakutayani kuti? Ngati kumunsiko kuli mathithi kapena mtengo wogwera m'madzi, sunthani, chifukwa mtengo wotere madzi amadutsa m'nthambi koma munthu amakaniramo.

Nsapato musavule, phazi lopanda kanthu limaterera pandere ndipo limachekeka. Masulani lamba wa m'chiuno wa chikwama kuti mukagwa muchitaye mosavuta. Yang'anani kumene madzi akuchokera, ndodo yolimba muitsamire kutsogolo, muziyenda cham'mbali phazi limodzi panthawi, osapingasa miyendo. Ngati muwoloka pamodzi, gwiranani, wamphamvu akhale mbali ya kumtunda kuti aziswa madzi. Chingwe m'chiuno ayi ndithu. Chimaoneka chanzeru, koma munthu akagwa chingwecho chimamugwira pamalo amodzi madzi n'kumamukanikizira pansi. Amene wakokoloka agone chagada, miyendo itsogole kumunsi, azipalasa kulowera kumtunda wouma, ndipo asayese kuimirira madzi akadali othamanga chifukwa phazi likakodwa pakati pa miyala sadzukanso. Mtsinje wodzaza ndi mvula nthawi zambiri umaphwera pakapita maola kapena tsiku. N'chifukwa chake mutenge chakudya cha tsiku limodzi lapadera, kuti njala kapena ntchito ya Lolemba isakukakamizeni kulowa m'madzi oipa.

Ubwino woyenda m'chigwa ndi woti simusenza madzi ambiri, ndipo paja lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Koma kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti ndi abwino kumwa. Tizilombo totsegula m'mimba monga Giardia ndi Cryptosporidium sitioneka ndi maso, ndipo kumtunda kungakhale nyama yakufa kapena anthu. Wiritsani madzi abwate mphindi imodzi yathunthu, kapena mphindi 3 ngati muli pamalo okwera kuposa mamita 2,000. Mankhwala a klorini amathandiza mukadikira pafupifupi mphindi 30, koma Cryptosporidium samupha bwino. Madzi amatope muwasiye adikhe kaye, kenako musefe ndi kansalu musanawiritse. M'madera otentha mmene muli likodzo, pewani kusamba m'maiwe odikha a mabango ndi nkhono chifukwa tizilombo take timalowera pakhungu. Kumene kuli ng'ona ndi mvuu, funsani anthu okhala kumeneko musanayandikire dziwe lililonse lakuya, ndipo musamange tenti pakanjira kamene nyama zimatsikira kukamwa.

Kuzizira musakupeputse ngakhale masana kutenthe. Usiku mpweya wozizira umatsikira pansi pa chigwa, mame amagwa ambiri, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Thupi likazizira kufika pansi pa madigiri 35 munthu amayamba kunjenjemera, kupunthwa ndi kulankhula zosamveka, mwiniwake osazindikira. Zovala za thonje zikanyowa siziuma msanga. Khalani ndi zovala zogonera ndi masokosi zimene mwazimanga m'pulasitiki ndipo simuzivala masana zivute zitani. Mapazi muziwaumitsa madzulo aliwonse, ndipo pamene payamba kutentha mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke.

Netiweki m'chigwa chakuya musaiwerengere. Ngakhale GPS, imene imakusonyezani pamapu pamene muli, imasokonezeka pakati pa matanthwe. Mapu muwasunge mufoni musananyamuke, mutengenso apepala ndi kampasi, ndipo pamapupo mulembe malo awiri kapena atatu otulukira m'chigwamo wina akavulala. Munthu mmodzi wodalirika amene akutsala muuzeni polowera, potulukira, mayina anu onse ndi ola limene ayambe kuitana thandizo ngati sanamve za inu. Aliyense akhale ndi wezulo pakhosi, chifukwa phokoso la mtsinje limameza mawu ngakhale mukuwe chotani. Ngati chigwacho chili m'nkhalango yotetezedwa, lembetsani kwa oyang'anira, ndipo akakuuzani kuti mutenge wokutsogolerani musaone ngati akukuvutitsani. Munthu amene waona mtsinjewo utadzaza amadziwa zimene mapu sanena.

Podzithandiza, kumbani dzenje lakuya masentimita 15 mpaka 20, mamita 60 kutali ndi madzi, mukwirire bwino. Sopo asalowe mumtsinje, tungani madzi mukasambire ndi kutsukira kutali ndi mtsinjewo. Moto ukhale waung'ono ngati n'kololedwa, muuzime ndi madzi mpaka phulusa lizizire, ndipo musauzungulize ndi miyala yonyowa ya mumtsinje chifukwa ikatentha imatha kuphulika. Zinyalala zonse mubwere nazo.

Ngati pagulu lanu palibe amene anagonapo m'chigwa chotere, yambani ndi usiku umodzi, kulowa ndi kutulukira njira yomweyo, kuti muone liwiro lanu lenileni musanapange za masiku atatu. Mutiuzenso pano mwezi umene mukufuna kupita, ndipo mufufuze ngati kumtunda kwa mtsinjewo kuli damu, chifukwa akatsegula zitseko zake madzi amakwera ngakhale kulibe mtambo ndi umodzi womwe.