Kampani ikhale kapena ichoke? Onani zomwe zidachitika ku Myanmar

Mwafunsa ngati n'koyenera kuti kampani yakunja ipitirize malonda m'dziko limene asilikali alanda boma ndipo akuzunza nzika. Ine ndimayamba ndafunsa komwe ndalama za kampaniyo zikupita, komanso amene adzatsale ndi katundu wake ikadzachoka, pakuti kuchoka pakokha sikusambitsa munthu m'manja.

Asilikali otsogozedwa ndi Min Aung Hlaing atalanda boma la Myanmar pa 1 February 2021 n'kutsekera Aung San Suu Kyi, mtsogoleri wa boma losankhidwa ndi anthu, makampani a Total ndi Chevron ankakumba gasi ku Yadana, malo a m'nyanja ya dzikolo, mogwirizana ndi MOGE, kampani ya boma imene idagwera m'manja mwa asilikaliwo. A Total ankanena kuti akasiya ntchito magetsi azima mumzinda wa Yangon, ndipo sankanama. Komabe gasi wambiri ankagulitsidwa ku Thailand, ndipo ndalama zakunjazo zinkathera kwa anthu omwe ankawombera ochita zionetsero. Makampani awiriwa adalengeza zochoka mu January 2022, koma gawo la Total lidagawidwa kwa otsala, moti MOGE idapeza gawo lokulirapo.

Nkhani ya Telenor, kampani ya mafoni ya ku Norway, ndiyo imandipweteka kwambiri. Idakana kuyatsa zipangizo zomvetsera mwachinsinsi zokambirana za anthu zomwe asilikali ankafuna, n'kugulitsa nthambi yake kwa M1 Group ya ku Lebanon pamtengo wa madola 105 miliyoni. Pamapeto pake gawo lalikulu lidapita kwa Shwe Byain Phyu, kampani yodziwika kuti imagwirizana ndi asilikali, pamodzi ndi mbiri ya mafoni a anthu pafupifupi 18 miliyoni. Eni Telenor adapulumuka, koma ogwiritsa ntchito mafoniwo adatsala pa mtetete.

Chifundo changa pa makampani a gasi n'chochepa, chifukwa adalowa m'dzikomo maso ali gwa. Paipi ya Yadana idamangidwa m'zaka za m'ma 1990 pansi pa boma lina la asilikali, ndipo anthu a m'midzi adasumira ku America kampani ya Unocal, yomwe inali nawo pa ntchito ya paipiyo, ponena kuti asilikali olondera paipiyo ankawagwiritsa ntchito ya thangata. Mlanduwo udathera kunja kwa khoti mu 2005, chaka chomwe Chevron idagula Unocal. Pamene omenyera ufulu adapempha mu 2021 kuti ndalama za gasi zisungidwe padera kufikira boma la anthu wamba litabwerera, a Total adayankha kuti sangatero popanda lamulo lowakakamiza, ndipo European Union idadzaika ziletso pa MOGE mu February 2022, iwo atalengeza kale zochoka.