Musayambe ndi kudula makona atatu, yambani ndi masikweya

Achemwali, mwati mwatolera zidutswa za zitenje kwa atelala kuti musoke chofunda, mwadula timakona atatu potsatira katoni, koma mukalumikiza nsonga sizikukumana ndipo mizere ikupindika ngati uta. Mwafunsanso za kogula thonje loika m'kati. Ine ndiyankha za makona atatuwo, chifukwa ndi amene anandiliritsapo.

Ndaona ena okuyankhani akuti gulani makina amagetsi, ena akuti itanitsani mpeni wozungulira wodulira nsalu ku Joni. Ayi ndithu, sungani ndalama zanu. Ine ndimasokera Butterfly yopalasa ndi miyendo imene anandisiyira amayi anga, ndipo nsonga zimakumana bwinobwino. Vuto lili mu nsalumo. Tengani kachidutswa mukakoke m'litali, muona kuti sikasuntha. Tsopano gwirani kona iyi ndi kona yoyang'anizana nayo, mukoke mopingasa. Kakutamuka ngati mphira. Atelala amati bayasi. Mukadula sikweya pakati kuti mupeze makona atatu, mbali yaitali ija imagwera pa bayasi penipeni, ndiye kungoigwiragwira ndi zala, kuikoka pang'ono polowetsa pa makina, yatalika kale.

Chofunda changa choyamba ndinkasokera mwana wanga wamkazi pamene ankapita ku sekondale yogonera konko. Ndinadula makona atatu oposa 200, masiku atatu ndili pa mphasa ndi sizasi. Ndikasoka awiri ndinkatenga simbi yamakala n'kumakhwekhwereza uku ndi uku ngati ndikusita malaya. Tsiku lolumikiza mizere, wina unaposa unzake ndi zala zitatu, pakati pa chofunda n'kutukumuka ngati chipewa. Ndinachezera usiku kumasula misoko, koma nsalu ya bayasi ikatamuka sibwereranso. Mwana anapita ndi bulangete la m'sitolo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye chitani chonchi. Dulani masikweya okhaokha. Tengani awiri, wowala ndi wakuda, muwagoneke moyang'anizana, nkhope kwa nkhope. Kumbuyo kwa wowalayo jambulani mzere ndi pensulo ndi rula kuchokera pa kona kufika pa kona. Musasoke pa mzerewo. Sokani mbali iyi kota ya inchi kuchokera pa mzere, mutembenuze, musokenso mbali inayo kota ya inchi. Mukatha, ndi pomwe mudule potsata pensulo ija. Mukatambasula mupeza masikweya awiri, aliyense ali ndi makona atatu awiri olumikizana kale, ndipo bayasi munaitsekera ndi ulusi sizasi isanafikepo.

Za muyezo, yang'anani mbali ya mainchi pa tepi yanu. Lamulo lake n'lakuti pa kukula komwe mukufuna m'chofunda muwonjezere 7/8 ya inchi. Ine sindilimbana ndi timizere timeneto, ndimangowonjezera inchi yathunthu. Ndikafuna sikweya wa mainchi 4 m'chofunda chomalizidwa, ndimadula mainchi 5, ndikasoka ndi kusita ndimasadzula m'mbali mpaka atsale mainchi 4 ndi theka. Theka limenelo ndi la misoko. Posadzula onetsetsani kuti msoko wopingasa uja ukutulukira pa kona penipeni, ndipo timakutu tosongoka totsala m'makonamo mutidule. Kusadzulaku n'kotopetsa, sindikunamizani, koma musakudumphe. Ambiri amagwera pamenepa.

Kota ya inchi ndi pafupifupi mamilimita 6. Yezani kuchokera pa singano, mumate tepi yomatira pa chitsulo cha makina, ndipo nsalu iliyonse izidutsa m'mphepete mwa tepiyo. Mukaphonya ndi milimita imodzi yokha, msoko umadya awiri popeza nsalu ndi ziwiri, ndiye pa mzere wa masikweya 10 mwataya pafupifupi masentimita 2. Ulusi usatalikirane, mamilimita 2 ali bwino.

Simbi ndiye chenjerani nayo kwambiri. Ikani, dikirani pang'ono, nyamulani, ikaninso. Osakhwekhwereza. Msoko muugonetsere ku nsalu yakuda kuti usaonekere ku yowala. Polumikiza mizere, msoko wina ugonere kumanja wina kumanzere, akakumana amakolana okha, muzimva ndi chala. Bayani pini pomwepo. Ndipo mukayang'ana kumbuyo muona pamene ulusi wadutsana ngati X. Singano idutse pa X ameneyo kapena kunja kwake pang'ono chabe, chakumphepete kwa nsalu. Ikalowa m'kati, nsonga yadulidwa mutu.

Pa YouTube muona njira ina yosoka kuzungulira sikweya yense kenako n'kudula mopingasa kawiri kuti mupeze anayi nthawi imodzi. Ikuoneka yachangu, koma imasiya bayasi kunja mbali zonse zinayi. Poyamba pano isiyeni.

Chinanso, zidutswa za kwa atelalazo muzichape musanadule, zofiira ndi zabuluu pazokha. Zitenje zina zimasuluka koopsa, ndipo thonje limabwerera likalowa m'madzi koyamba. Mukapanda kutero chofunda chidzakwinyika pochapa koyamba, zoyera n'kusanduka zapinki. Musasakanizenso za thonje ndi za poliyesita zoterera zija. Ngati mukukayika, yatsani kachidutswa ndi machesi panja. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesita imasungunuka n'kuuma ngati kapulasitiki. Zitenje za maluwa akuluakulu zikadulidwa ting'onoting'ono maluwawo amasowa, chofunda n'kuoneka piringupiringu, choncho mbali imodzi ikani nsalu yopanda maluwa.

Ndikupempheni musayambe ndi chofunda cha bedi lalikulu. Yambani ndi cha mwana, masikweya 10 m'lifupi ndi 12 m'litali. Amenewo ndi 120, kutanthauza kuti mudula owala 60 ndi akuda 60, ndipo chituluka mainchi 40 kwa 48. Chitenje chimodzi chathunthu chimapereka masikweya a mainchi 5 oposa 100, ndiye kupitirira theka lake pang'ono ndi kansalu koyera mwakwanitsa. Ya kumbuyo ine ndimatenga shiti ya thonje pa kaunjika ku Limbe. Ukanenerera bwino mtengo wake sutalikirana ndi wa chitenje chimodzi wamba, kungoti mitengo masiku ano ikusintha sabata ndi sabata. Itambasuleni padzuwa musanalipire muone ngati pakati sipanathe. Zidutswa atelala ambiri amangopereka, mumangowasiyira ya fanta.

Omwe mwadula kale aja musataye. Phikani ufa wa chinangwa pang'ono m'madzi ambiri ukhale wamadzimadzi, muuzizitse, muwaze pa timakona atatuto tili chigonere pa tebulo, tikayamba kuuma mutidinde ndi simbi. Timauma gwa ngati pepala ndipo sititamukanso msanga. Posoka bayani mapini atatu, kumayambiriro, pakati ndi kumapeto, makina azikoka okha inu musakoke. Mukamaliza chofundacho muchichape, chifukwa mphemvu zimakonda sitachi.

Sokani masikweya anayi okha kaye, mujambule kumbuyo kwake osati kumaso, muponye chithunzicho muno ndione misoko yanu.