Ndalama za mwambo wa chiyankhulo cha Wiradjuri

Achimwene, mwafunsa kumene gulu lanu lingapeze ndalama zochitira mwambo wotsitsimutsa chiyankhulo cha Wiradjuri, chimodzi mwa ziyankhulo za Aaborijini, eni nthaka a ku Australia. Yambani ndi Aboriginal Languages Trust ya boma la chigawo cha New South Wales, yomwe idakhazikitsidwa motsatira lamulo la ziyankhulo za Aaborijini la 2017. Imathandiza zochitika za sabata ya ziyankhulo mu Okutobala. Boma la Australia lilinso ndi thumba la Indigenous Languages and Arts.

Ambiri amagwa pa mapepala. Ngati mulibe ABN (nambala yolembetsera bizinesi kapena bungwe ku Australia) ndi inshuwalansi, pemphani bungwe la Aaborijini lolembetsedwa likusungireni ndalamazo. Pabajeti pakhale malipiro a akuluakulu ophunzitsa chiyankhulocho, osati holo ndi chakudya basi, ndipo chilolezo chojambula mawu awo chilembedwe mwambo usanayambe. Malisiti musataye, chifukwa lipoti likachedwa pempho lotsatira limavuta kudutsa.