Ati ku Mzuni akungotola aliyense?

Imelo ina yomwe ndalandira sabata ino yandisowetsa mtendere. Yachokera kwa mayi a ku Ntcheu omwe mwana wawo wamkazi wasankhidwa kukaphunzira zauphunzitsi ku Mzuzu University. M'malo moti pakhomo pamveke nthungululu, pabuka mkangano. Amalume ake a mwanayo akuti masiku ano ku Mzuni akungotola aliyense, n'chifukwa chake ophunzira achuluka, ndipo digiri yake yasukuluka. Funso la mayiwa ndi lakuti chachulukitsa ana kumeneko n'chiyani, ndipo mwana apite kapena abwereze Folomu 4 kuti akayese mwayi wa ku Zomba?

Amayi, mundikhululukire, ndiyambira kwa amalumewo, chifukwa mawu amenewa ine ndinanenedwa nawo pamaso.

Kwathu ndi ku Dedza. Ndinalemba MSCE m'zaka za m'ma 1990, dziko lonse lili ndi yunivesite imodzi yokha, University of Malawi, ndi nthambi zake: Chancellor College ku Zomba, Polytechnic ndi College of Medicine ku Blantyre, Bunda ndi Kamuzu College of Nursing. Ndinakhoza bwino ndithu, mwakuti bambo anga anayamba kale kuuza anzawo kutchalitchi kuti mwana akupita ku Chanco. Mayina atatuluka m'nyuzipepala, tinawerenga ndi chala mzere ndi mzere, kubwereza, kutembenuza tsamba. Langa munalibe. Bambo anapinda nyuzipepala ija n'kuiika pansi pa matiresi, osanena kanthu, ndipo nkhani ya sukulu sinatchulidwenso pakhomo. Sindinalephere mayeso ine. Malo ndi amene anali ochepa. Ndinalowa TTC, n'kuyamba kuphunzitsa pulayimale, kenako banja linanditengera kuno ku Mzuzu, komwe ndakhala ku Chibavi mpaka ana anga akula akuyankhula Chitumbuka kuposa ine.

Mzuni itayamba kulemba ophunzira a ODL, maphunziro ophunzirira kunyumba, mu 2011, ndinali ndi ana kale, imvi zitayamba kusuzumira. Patapita nthawi ndinalimba mtima n'kulembetsa. Masana choko m'manja, madzulo kuchonga makope a ana, usiku ndiye mabuku anga, nditafunda bulangete mpaka m'khosi chifukwa Juni wa ku Mzuzu sachita nthabwala. Magetsi akazima, tochi ya foni pakamwa, manja akulemba asayimenti. Tikakumana ku Luwinga pa masabata ophunzira pamaso ndi pamaso, ndinkaona anzanga: abambo a dazi ochokera ku Nsanje, mayi woyamwitsa wa ku Chitipa yemwe mng'ono wake ankadikira ndi khanda pansi pa mtengo, mahedimasitala omwe aphunzitsa ana ambirimbiri mpaka anawo kuwapitirira. Tsiku lina mphunzitsi mnzanga, yemwe anapita ku yunivesite ali mnyamata, anaona mabuku anga patebulo n'kuseka, amvekere, "Awa ndi madigiri a pa holide aja?" Ndinangomwetulira, koma mumtima munawira. Mayeso amene ndinkalemba sanali a pa holide.

Ndiye mukandifunsa kuti anthuwa achokera kuti, yankho langa loyamba ndi lakuti analipo kale. Ankangoima kunja kwa mpanda.

Tawerengani zaka nokha. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana m'sukulu anadumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Tinali aphunzitsi, tinaziona, ana kukhala pansi pa mitengo. Kumapeto kwa zaka zomwezo ma DEC aja, malo a maphunziro a sekondale ophunzirira kutali, anasanduka ma CDSS, sekondale n'kufika kumudzi, mwana kumayenda wapansi kapena pa njinga kuchokera kwawo. Amene analowa Sitandade 1 mu 1994 anafika Folomu 4 cha m'ma 2006, ndipo kuyambira pamenepo chaka chilichonse gulu lotuluka ndi satifiketi likungokula. Onjezani kuti kalembera wa 2008 anatipeza tili pafupifupi 13 miliyoni, wa 2018 n'kutipeza tili 17.5 miliyoni, theka la ife ndi ana osafika zaka 18. Ana amenewa amalume akufuna apite kuti? Mudzi ukakula, chigayo chimodzi sichikwana, ndipo kutsegula chigayo chachiwiri sikutanthauza kuti ufa wake ndi wamisere.

Mzuni nayo si ija ya poyamba. Lamulo loikhazikitsa linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 1997, ophunzira oyamba n'kulowa mu 1999 m'nyumba zomwe kale zinali koleji ya aphunzitsi ku Luwinga, m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Karonga. Nthawi imeneyo kunali zauphunzitsi basi. Lero kuli zankhalango, zansomba, zamagetsi a dzuwa ndi mphepo, zokopa alendo, zaunamwino ndi uzamba, zamaso, zoyeza malo, zamalayibulale, zamakompyuta, zachitetezo. Pulogalamu iliyonse yatsopano ndi khomo lina lolowera. Kenako ODL ija inatsegula malo ake ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje, mwakuti ena mwa amene amawerengedwa kuti ndi a Mzuni amakhala pafupi ndi inu kuposa ndi ine. Palinso olowera pa mature entry, anthu apantchito a madipuloma omwe aona kuti popanda digiri adzapuma ntchito ali pa giredi yomweyo.

China chomwe ambiri sachiona ndi bedi. Kale wosankhidwa ku yunivesite ya boma ankapeza bedi, chakudya, zonse, ndiye chiwerengero cha osankhidwa chinkatsatira chiwerengero cha mabedi. Mwana wanzeru ankatsala chifukwa cha matiresi! Atamasula mfundo imeneyi, n'kulola ophunzira kugona kunja kwa sukulu, mpata unakula. Kenako mu 2015 kunabwera bungwe la ngongole za ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo ngakhale ndalamazo sizifikira onse, mwana wa mlimi amene kale akanangosunga kalata yomuitana m'sutikesi tsopano amayesa kupita. Masankhidwe nawo anasintha. Pano mwana amadzaza fomu imodzi ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, n'kusankha mapulogalamu a mayunivesite onse aboma, ndiye mtsikana wa ku Ntcheu kupezeka ku Mzuzu, mnyamata wa ku Rumphi kupezeka ku MUST ku Thyolo, si zachilendo ayi. Makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingelezi ndi pongoyambira, ndipo ambiri amene ali nawo amatsalabe. Mwana wanu wapikisana ndi dziko lonse, wadutsa. Ameneyo ndiye "aliyense"?

Ndikanena za masankhidwe sindingalumphe nkhani ya kota, kusankha ophunzira potengera boma lomwe akuchokera, ngakhale simunaifunse. Ine Mchewa wa ku Dedza ndinaimvetsa bwino nditakhala kuno. Inayamba nthawi ya a Kamuzu, khoti n'kuikana mu 1993, a Bingu wa Mutharika n'kuibwezeretsa, mpaka boma linalengeza kuti yatha mu 2020. Ndakhala pa maliro ndi pa zinkhoswe pomwe makolo a ku Karonga ndi Nkhata Bay ankasimba za ana a mapointi abwino omwe anatsala, ndipo ukamva amayankhula ndi ululu weniweni. Anthu a kuno sukulu anaigwira kalekale, kuyambira pomwe a Robert Laws anakhazikitsa mishoni ku Khondowe mu 1894. Munthu amagulitsa ng'ombe, osati kuti amange nyumba, koma kuti mwana amalize. Sinodi ya Livingstonia inachita kutsegula yunivesite yakeyake mu 2003. Koma ndikapita kwathu ndimamvanso makolo omwe ana awo amaphunzira pa CDSS yopanda labu, akufunsa kuti mwana wotere apikisana bwanji ndi wa ku sukulu yogonera konko. Onsewa akunena zoona, ndipo chomwe chinatiyambanitsa ndi kuchepa kwa mipando. N'chifukwa chake munthu akamadandaula kuti ophunzira achuluka, ine magazi amathamanga. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe achinyamata ofika ku yunivesite ndi ochepetsetsa. Sitinachuluke, tikuperewera. Mwala wa maziko wa yunivesite ya Mombera ku Mzimba unaikidwa mu 2015, ndipo zaka zinadutsa anthu akungoonera msewu wolowera kumeneko. Dandaulo likanapita kumeneko, ndikanavomereza.

Ndipo ndinene mosapsatira: ambiri amene amati digiri yasukuluka, chimene chikuwapweteka ndi chakuti kale pamudzi wonse wa digiri anali mmodzi, akafika pa Khirisimasi anthu n'kumuyalira mpando wa ndalema. Pano mwana wa mayi wogulitsa mandasi nayenso wavala gauni. Sindikuwadziwa amalume a mwana wanu, mwina iwo akungodera nkhawa. Koma mawuwo ndi omwewo.

Pomwe amalume akunena zoona

Nyumba sizinakule mofanana ndi anthu. Ili ndi vuto la mayunivesite athu onse aboma, makalasi odzaza, wochedwa kuimirira kumbuyo, mphunzitsi mmodzi mapepala mulu. Ku Mzuni kunagwanso tsoka mu Disembala 2015 pomwe layibulale inapsa ndi mabuku ake zikwizikwi. Hositelo sizikwanira, ndiye ophunzira ambiri amachita lendi ku Luwinga ndi Area 1B. Mzuzu weniweniyo wakula, anthu anapitirira 220,000 pa kalembera wa 2018, ndipo aliyense wa kapuloti pafupi ndi sukulu wamanga timizere ta zipinda kuseri kwa nyumba. Ndinalowapo m'chipinda china kukaona mwana wa mnzanga wakutchalitchi: mabedi awiri osanjikiza, atsikana anayi, mbaula pakhomo, zovala pa chingwe chodutsa pamwamba pa mitu, ndowa pakona yolandira madzi odontha, chimbudzi chimodzi cha mzere wonse. Alandilodi amafika pa 1 mwezi uliwonse ndi kope lawo, za denga osafunsa. Ena mwa iwo ndi akuluakulu a mpingo, koma tisalowe kumeneko. Ntchito nazonso n'zosowa, inde, koma ulova sufunsa kuti pepala lako linasindikizidwa ku Luwinga kapena ku Zomba. Anyamata opalasa Sacramento, njinga za kabaza, m'tauni muno ena ali ndi MSCE yabwino kuposa yanga, ndipo ndikawafunsa, palibe amene amati kuli bwino sindinasankhidwe.

Tsono amayi, mwana apite. Kubwereza Folomu 4 kulibe chitsimikizo, akhoza kutaya chaka ndi malo omwe. Afunsire loni nthawi yake isanatseke, mapepala onse ali m'manja. Malo ogona muyambe kufufuza tsopano kudzera mwa ophunzira a chaka chachiwiri kapena a mpingo wanu kuno, ndipo musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene mwangomupeza pa WhatsApp chipinda musanachione. Anyamuke m'mawa kuti adutse Chikangawa kukuwala n'kufika kusanade. Chichewa chimamveka paliponse m'tauni, koma aphunzire kupereka moni m'Chitumbuka, amayi a kumsika adzamuikira basera. Mumugulire juzi yolemera, bulangete lachiwiri ndi ambulera yolimba, chifukwa kuno mvula imatha kugwa mpaka Meyi.