Abwana agwira malipiro anga ati sindinapereke notisi

FUNSO: Akonzi, ndagwira ntchito zaka zitatu pa shopu ina ya zipangizo zomangira, ndikulandira K180,000 pamwezi. Nditapeza ntchito ina, ndinalemba kalata n'kugwirako masabata awiri mpaka mwezi unatha. Abwana akana kundipatsa malipiro a mwezi umenewo, ati ndinathawa ntchito. Kodi lamulo likuwalola? Nanga severance yanga, ndalama ija yapadera yoperekedwa ntchito ikatha? Wowerenga, Kasungu.

YANKHO: Zikomo bambo. Abwana anu ali ndi mfundo, koma ndi ya theka la mwezi basi.

Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, gawo 29, likuti wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi wathunthu, yolemba. Kwa wolandira pasabata zimatengera zaka: sabata imodzi ngati sanakwanitse zaka ziwiri, masabata awiri akapitirira apo, mwezi akafika zaka zisanu. Amene ali pa probation, nthawi yoyesedwa akangolembedwa ntchito, atha kuchoka popanda notisi. Onaninso kontrakiti yanu, chifukwa ena amasainira miyezi itatu n'kuiwala.

Inu munapereka masabata awiri m'malo mwa mwezi. Gawo 30 likuti wochoka notisi isanakwane alipire abwana ndalama zofanana ndi malipiro a masiku otsalawo, pokhapokha ngati abwanawo anamukhululukira. Kwa inu ndi pafupifupi K90,000. Koma gawo lomwelo likunenanso kuti zomwe munagwirira kale ndi zanu. Mwezi munaugwira wonse, choncho K180,000 ndi yanu, ndipo akachotsapo ya notisi patsala K90,000. Kugwira zonse pofuna kukukhaulitsani n'kuphwanya lamulo.

Pali ndalama ina imene ambiri amaisiya m'thumba la abwana: ya masiku a tchuthi omwe simunapume. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, monga zimakhalira m'mashopu, ali ndi masiku 18 pachaka. Wa masiku asanu ali ndi 15. Awerengereni nokha. Zonsezi gawo 53 likuti zilipidwe pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha, osati "mubwere kumapeto kwa mwezi wamawa". Funsaninso satifiketi yosonyeza nthawi imene munagwira ntchito pamenepo.

Za severance musayembekezere. Chisinthireni lamulo mu 2010, imaperekedwa kwa amene achotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena ili pamavuto a zachuma, komanso wochotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha alibe, kupatula ngati khoti lapeza kuti khalidwe la abwana ndi lomwe linamuthamangitsa. Penshoni ndi nkhani ina. Ngati ankakudulani 5 peresenti, iwo n'kuikapo 10, ndalamazo zili m'dzina lanu ku kampani ya penshoni, ndipo abwana sangazikhudze.

Tsopano alembereni kalata yofotokoza ndalama iliyonse payokha, asainire kope lanu. Akapanda kulipira, pitani ku ofesi ya leba ya pa boma, mutanyamula kalata yosiyira ntchito, kontrakiti ndi ma payslip, kapena mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba ngati ankakulipirani pafoni. Milandu yambiri imagwera pomwepa, chifukwa munthu anatsanzika pakamwa ndipo alibe chosonyeza tsiku. A leba amaitana mbali zonse ziwiri. Zikakanika, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya ntchito, ndipo musazengereze, madandaulo ochedwa amavuta kulandiridwa.