Ndevu waziwerenga, koma miyezi sunaiwerenge

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala ku Chirimba mu Blantyre ndipo chino ndi chaka chachitatu ndili pabanja. Vuto langa ndi ndevu. Zinayamba ndili Fomu 3, titsitsi tiwiri titatu pachibwano, ndinkangozula. Pano zadzaza chibwano chonse mpaka m'khosi, zina zili pachifuwa ndi pansi pa mchombo. Tsiku lililonse ndimadzuka 4 koloko, amuna anga akadali m'tulo, n'kupita kubafa ndi tochi ya foni kukameta. Lezala ndimabisa m'paketi ya mapadi chifukwa mmenemo sagwiramo, komanso paketiyo imakhalitsa poti chaka chino ndapita kumwezi kawiri kokha. Chibwano chada bii ndi zipsera, moti ndimadzola mafuta oyeretsa omwe ndimagula mumsika wa Limbe.

Mwezi watha mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, anabwera kudzagona. Anandipezerera m'bandakucha sopo ali kukamwa. Atabwerera kumudzi anakauza anthu kuti achimwene ake anakwatira mwamuna mnzawo, n'chifukwa chake m'nyumba mulibe mwana. Apongozi nawo akuti mkazi wa ndevu amakhala wankhanza. Amuna anga atamva anangoti "asiye", osawonjezera kanthu. Kuyambira pamenepo akafuna kundigwira kumaso ndimathawitsa mutu. Kodi mlamuyu ndimuyankhe bwanji? Ndiitane ankhoswe? Nanga alipo mankhwala othetseratu ndevuzi?

Wodandaula wa ku Chirimba

Mwana wanga,

Makalata a alamu amwano ndi apongozi olowerera ndimalandira sabata iliyonse. Yako ndaiwerenga katatu, ndipo katatu konse ndimaima pamalo amodzi, pa paketi ya mapadi ija. Iwe waitchula pongofuna kundiuza pomwe umabisa lezala. Ine ndaona mkazi wa zaka 27, wofuna mwana, yemwe wasamba kawiri kokha chaka chonse, n'kuiponya nkhaniyo pakati pa chiganizo ngati akunena za mtengo wa tomato.

Za mlamu wako tithane nazo msanga. Analankhula mwano, ndipo womudzudzula ndi achimwene ake, osati iwe. Ankhoswe usawatopetse ndi iyeyu. Tamusiya pamenepo.

Ndevu, msambo wosowa, ndi zaka zitatu popanda pathupi: zitatuzi zikakumana mwa mkazi mmodzi, dokotala aliyense wa matenda a amayi amayamba waganizira vuto la mahomoni ndi timatumba ta mazira lotchedwa PCOS. Si lachilendo. Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, analilemba kale mu 1935, ndipo mwa amayi omwe anawafotokoza munali ena ofanana ndi iwe ndendende. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 alionse a msinkhu wobereka ali nalo, ndipo mwa amenewa, mpaka 7 mwa 10 sadziwa. Mu minibasi ya ku Chirimba yomwe wakwera lero munali mnzako, ndipo nayenso akudziona ngati ali yekha.

Chimene chimachitika ndi ichi. Mkazi aliyense amapanga mahomoni achimuna pang'ono, m'timatumba ta mazira ndi m'tiziwalo ta pamwamba pa impso. Mwa amene ali ndi PCOS mahomoniwa amachuluka. Ndiwo amene amasandutsa ubweya wofewa wa pachibwano kukhala tsitsi lakuda lolimba, ndiwo amabweretsa ziphuphu, ndipo amasokoneza kukhwima kwa dzira. Mazira amayamba kukula n'kuima panjira, osatuluka. Pa sikani amaoneka atandandalika m'mbali mwa thumba ngati mikanda. Dzira likapanda kutuluka, msambo subwera m'nthawi yake, pathupi napo pamavuta. Kumbuyo kwa zonsezi, mwa amayi ambiri, kumakhala thupi lomwe silikumva bwino insulin, ija imayendetsa shuga m'magazi. Thupi limapanga insulin wochuluka kuti likakamize, ndipo insulin wochulukayo amasonkhezera timatumba ta mazira kupanga mahomoni achimuna ambiri. Tayang'ana kumbuyo kwa khosi lako ndi m'khwapa. Ngati pali khungu lakuda lokhuthala, looneka ngati litsiro koma losachoka ndi mwala wotsukira, chimenecho ndi chizindikiro chake. Amayi a PCOS amagwidwa matenda a shuga msanga kuposa anzawo.

Koma chomwe chandisowetsa tulo ndi chiberekero chako. Mwezi uliwonse khungu la m'kati mwake limakula, ndipo msambo ndiwo umalitsuka. Msambo ukasowa miyezi ndi miyezi, khungulo limangokhuthalirakhuthalira, ndipo pakapita zaka likhoza kusanduka khansa ya m'kati mwa chiberekero. Si ya khomo la chiberekero ija amayeza ndi viniga, iyi ndi ina. Ndiye chifukwa chake madokotala amati mkazi yemwe si woyembekezera, sakuyamwitsa ndipo sali pa jakisoni kapena njira ina yolera yoimitsa msambo, akadutsa masiku 90 osasamba, apite kuchipatala. Alipo mapiritsi omwa masiku owerengeka omwe amabweretsa msambo n'kuteteza chiberekero. Ndevu sizinaphepo munthu, mwana wanga. Ichi chomwe wachiyesa mwayi wosagula mapadi ndicho chingakuvulaze.

Apa ndikudzudzule ndithu. Wandiuza pomwe pali tsitsi lililonse, pachibwano, m'khosi, pachifuwa, pamchombo. Ukudziwa ola lomwe amuna ako amatembenuka m'tulo. Zaka zoposa 10 wakhala ukudziyang'ana pagalasi kusakasaka katsitsi komwe lezala yaphonya, koma sunandiuze tsiku lomwe unasamba komaliza, ndipo ndikukayikira ngati ukulikumbukira. Nzeru ndi khama lomwe wathera pobisa likanakufikitsa kwa dokotala kalekale.

Koma mlandu si wako wekha, ndipo apa ndilankhula ndi amayi anzanga. Ndakhala pa zilangizo zambiri, za kumudzi ndi za kumpingo, ndipo ine mwini ndalangizapo atsikana osawerengeka. Timamuika mwana pamphasa, wazyolika, ife n'kuyamba. Madzi osamba a bambo akhale otentha chonchi. Nsima ya alendo igawidwe chonchi. Mikanda ivalidwe chonchi, yofiira ikutanthauza chakuti, yoyera chakuti. Mpaka timamupatsa lumo ndi kambale n'kumuphunzitsa kumeta mwamuna wake, modekha, mwaulemu. Usiku wonse timamuphunzitsa thupi la mwamuna. Ndi kangati pomwe ena mwa ife anamufunsapo mkwatibwi kuti, "Mwanawe, umasamba pakapita masiku angati? Umatha masiku angati? Ululu wake ndi wotani?" Za msambo timangomuuza zoletsa: usathire mchere, usagone mphasa imodzi, nsalu zako usayanike poyera. Timamuphunzitsa kuubisa, osati kuuwerenga. Ndiye akakula, msambo ukasowa amangoti laponda lamphawi, palibe chondivutitsa. Pakapita zaka ziwiri popanda mwana, ife omwe tija timayamba kumutengera mabotolo a mizu ndi kumuperekeza kumapiri kukasala kudya, osamufunsa funso limodzi lomwe namwino angamufunse asanakhale n'komwe pampando.

Ine ndimakhulupirira, ndipo ndidzanena mpaka mano adzathe m'kamwa, kuti mtsikana aliyense akatha msinkhu mphatso yake yoyamba izikhala kope ndi cholembera. Azilemba tsiku lomwe wayamba kusamba ndi lomwe wamaliza. Wa foni alembe m'foni. Msambo wabwinobwino wa munthu wamkulu umabwera pakati pa masiku 21 ndi 35. Chiwerengero chimenechi mkazi aliyense azichidziwa ngati dzina la mudzi wake. Kope lotere limaulula zambiri nthawi ikadalipo: PCOS, vuto la chithokomiro, zotupa za m'chiberekero, pathupi posayembekezera. Ndinakhalapo pabenchi yachipatala ndi mayi wina yemwe namwino atamufunsa tsiku la msambo wake womaliza anayankha kuti "nthawi ya mango ija". Namwinoyo analemba m'buku mosaseka, chifukwa yankho lotere amalimva tsiku ndi tsiku. Ine chinandipweteka mumtima. Mayiyo ankadziwa bwinobwino masiku onse a chipereganyu cha gulu lawo, ndani walandira liti, ndani watsala. Za thupi lake palibe anamuuzapo kuti n'zoyenera kusunga.

Tibwerere kwa iwe. Yambira kuchipatala chapafupi, unene zonse zitatu pamodzi, osati ndevu zokha, ndipo upemphe akutumize kwa dokotala wa matenda a amayi ku Queen Elizabeth. Akakuyeza kaye ngati uli ndi pathupi, kenako shuga, kuthamanga kwa magazi, mahomoni ena monga a chithokomiro, ndi sikani. Pogamula kuti ndi PCOS amayang'ana zizindikiro zitatu zomwe akatswiri anagwirizana ku Rotterdam mu 2003: msambo wosayenda bwino, mahomoni achimuna ochuluka, ndi maonekedwe a timatumba ta mazira. Ziwiri zikapezeka, ndipo matenda ena ofanana nawo achotsedwa, ndiye kuti ndi chomwecho. Kwa owerenga ena ndinene ichi: ngati ndevu zabwera mwadzidzidzi m'miyezi yochepa, mawu n'kuyamba kukhala aakulu ngati a bambo, musadikire sabata yamawa, chifukwa pamenepo pakhoza kukhala chotupa.

Wafunsa mankhwala othetseratu ndevu. Piritsi lotero kulibe, ndipo wokulonjeza zimenezo pa Facebook akufuna ndalama zako. Ochepetsa alipo. Mapiritsi olera a mahomoni awiri amatsitsa mahomoni achimuna n'kukonzanso msambo, ndipo pali ena otchedwa spironolactone. Onsewa amafuna miyezi 6 usanaone kusintha, chifukwa tsitsi limakula pang'onopang'ono. Koma iwe ukufuna mwana, ndiye uyenera kusankha choyamba. Mapiritsi olera ndi olera basi, ndipo spironolactone saloledwa kwa woyembekezera chifukwa angaononge mwana wamwamuna m'mimba. Ngati mwana ndiye patsogolo, njira ndi ina: mankhwala othandiza dzira kutuluka, monga letrozole kapena clomiphene, nthawi zina pamodzi ndi metformin, mankhwala a shuga. Amayi ambiri a PCOS amabereka. Ngati uli ndi thupi lalikulu, kutsitsa pang'ono chabe, makilogalamu 4 mpaka 8 kwa munthu wolemera 80, kumatha kubwezeretsa msambo. Nsima ikhale ya mgaiwa, zipande zichepe, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke, shuga wa m'tiyi ndi zakumwa zotsekemera uzipewe, ndipo uziyenda ndawala tsiku lililonse. Ngati ndiwe wochepa thupi usadzisowetse chakudya, vutoli limagwiranso owonda.

Mafuta a ku Limbe aja ndi mdani wako. Ambiri a mtundu umenewo amakhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, omwe amapyapyalitsa khungu, amabweretsa ziphuphu, ndipo akhoza kuwonjezera ubweya pomwe ukudzolapo. Ukhoza kukhala kuti ukuthirira chomwe ukulimira. Tenga botololo ukamuonetse dokotala akuuze kasiyidwe kake, chifukwa kuleka mwadzidzidzi kumatha kutupitsa ndi kuyabwitsa nkhope.

Kumeta pitiriza, si tchimo, ndipo si zoona kuti lezala imachulukitsa tsitsi. Imangodula nsonga yofewa, chotsalacho n'kumveka cholimba. Chomwe chakudetsa chibwano ndi kametedwe ka mumdima, mothamanga, ndi madzi ozizira komanso lezala yobuntha. Tsitsi lathu ndi lopotana, ukalidula kwambiri kapena kulizula limapindikira m'khungu, n'kupanga kachiphuphu komwe kamasiya chipsera. Nyowetsa ndi madzi ofunda, meta motsatira komwe tsitsi lalozera, usakoke khungu, usabwereze pamodzimodzi, ndipo lezala uzisintha msanga. Leka kuzula. Kuli makina a laser omwe amachepetsa tsitsi kwa nthawi yaitali, koma ndi odula, amafuna maulendo angapo, ndipo pa khungu lakuda ngati lathu pamafunika mtundu wotchedwa Nd:YAG, ena amaotcha.

Tsopano amuna ako. Wandilembera ngati "asiye" uja ndi mlandu. Mwana wanga, munthu wagona naye mphasa imodzi zaka zitatu. Pofika madzulo chibwano chako chimakhala chitayamba kale kukanda, ndipo iye ali ndi manja, ali ndi masaya. Ukuganiza kuti bedi likapepuka 4 koloko tsiku ndi tsiku samva? Ine ndikuona mwamuna yemwe anadziwa kalekale, anaona kuti ukuchita manyazi, n'kusankha kumatseka maso kuti akusungire ulemu. Iwe ukubisa, iye akubisa zoti akudziwa, ndipo pakati panu mlamu wapeza mpata. Anayenera kumukalipira mchemwali wakeyo, inde, ndipo umuuze zimenezo. Koma angakuteteze bwanji pa chinthu chomwe iwe sunamulole kuti achitchule? Ndipo ukamathawitsa mutu, iye sakumva kuti ukubisa ndevu. Akumva kuti sukumufuna.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Usiku uno mukatha kudya, katenge paketi ija, uiike patebulo, utulutse lezala iye akuona. Umuuze kuti zinayamba uli Fomu 3, kuti wasamba kawiri chaka chino, ndipo ukufuna akuperekeze kuchipatala. Naye akayezetse umuna wake pa ulendo womwewo, chifukwa kusowa kwa mwana sikuchokera kwa mkazi yekha, ndipo dokotala adzafuna kudziwa za nonse awiri asanakupatse mankhwala a mazira. Pobwerera kumeneko undilemberenso. Undiuze zomwe apeza pa shuga, komanso tsiku lenileni lomwe unasamba komaliza.

Azakhali ako